Ng'ala ndi wankhondo wa pakhoma la mkamwini wanga

Chizindikiro choyamba ndinachiona chaka chatha, nthawi yosoka fodya. Ndikatuluka m'chigafa dzuwa linkandithobwa m'maso, ndipo munthu akaima patali ndinkamudziwira mawu okha. Kupweteka kunalibe. Ndinati ndi fumbi la fodya, ndinagula magalasi a pamsika, basi.

Ine sukulu ndinangoilawa, koma za kujambula funsani aliyense kuyambira kuno ku Simlemba mpaka ku Boma. Mitu ya pa mababashopu, ng'ombe za pa mabutchala, dzanja lake ndi lomweli. N'chifukwa chake mkamwini wanga, a Mwale, atatsegula shopu ya magemu, momwe anthu amamenyanitsa ankhondo a pa TV pokanikiza mabatani, sanapite kwina. Anafuna wankhondo wamkazi wa m'gemu imene makasitomala awo amaikonda, wamkulu, khoma lonse lakumaso.

Ntchito imeneyi si ya ng'ombe ya pabutchala ayi. Ng'ombe ukaipatsa nyanga ndi linunda, aliyense wavomera. Koma mayi ameneyu saima, n'kudumpha n'kutembenuka, mpaka a Mwale amuimitse ndi batani n'kumujambula pafoni. Pafonipo ndi wamng'ono ngati chala. Chovala chake chachitsulo chili ndi mamba ngati a ngaka, malamba opingasa pachifuwa, chipsera pansi pa diso lamanzere, tsitsi loluka lokhala ndi mikanda. Osewerawo zonsezi analoweza. Ukasiya lamba mmodzi, akuuza kuti si iyeyo. Khoma ndinaligawa m'timabokosi ndi chingwe chopaka makala, ndinapanga kaburashi ka ubweya wa kumchira kwa mbuzi kolembera mambawo, limodzilimodzi. Penti ndinasakaniza ndekha. Munthu amene anakulira pa kusankha fodya safunsa mnzake za mtundu wa chinthu.

Nditamaliza ndinaitana a Mwale. Anaima chapatali, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Zikomo bambo, mwagwira ntchito." Mkamwini sauza apongozi ake kuti alakwitsa. Makasitomala akandiona ankangoti zii, ndikadutsa n'kuphulika kuseka, ine n'kumati akondwa. Nkhani inayenda njira yake yaulemu. A Mwale anauza mkazi wawo Esinati, amene ndi mwana wanga, ndipo Esinati anazengereza mpaka fodya anatha kugulitsidwa. Kenako anabwera kunyumba n'kugwada.

"Ababa, chovala cha mayi uja chimayenera kukhala cha buluu. Inu mwamuveka fodya wouma. Anthu akumutchula kuti Mayi Chigafa."

Ndinakalipa mpaka a nyumba zoyandikana anatuluka. Ndili mkati mokalipa ndinamufunsanso chifukwa chake akupita ku mapemphero a amayi ndi bulauzi yachikasu yosachapa.

"Ndi yoyera, ababa. Ndayamba kuivala lero."

Pamenepo ndinakhala pansi. Dzina langa linali pakhoma paja, pamsewu, aliyense wodutsa akuliseka.

Esinati anandikokera ku chipatala cha ku Boma. Tinafika m'mawa, tinapeza benchi ya odwala maso yadzaza kale, ambiri okalamba, ena akutsogozedwa ndi ndodo. Tinadikira mpaka dzuwa litafika pamutu. Anesi anandiimika kutsogolo kwa bolodi. Ndinawauza kuti zilembo ine ayi. Anati, "Musadandaule agogo, ingolozani kumene miyendo ya kachinthuka yaloza." Ndi diso lamanja ndinaona kapamwamba kokha. Anandithira mankhwala m'maso, anandiyeza shuga ndi BP, kenako adokotala anandiunika ndi katochi.

"Ndi ng'ala, maso onse awiri. Imachititsa kuti zinthu zizioneka zofiirira. Tiyamba ndi lamanja."

Kumudzi ena anandiopseza kuti diso amalichotsa n'kuliika m'mbale. Ndi bodza limenelo. Tsiku lake litafika anandigoneka, anandibaya jakisoni pambali pa diso, anandifunda nsalu kumaso. Ndinkamva akulankhula, ndinkamva madzi ozizira, koma ululu ayi. Adokotala anangondipempha chinthu chimodzi, kuti ndisiye kaye kulankhula. Ndinagona kuwodi ndi bandeji. M'mawa mwake atamatula, ndinaona yunifolomu ya anesi ili mbee, ndinaona ndi mizere ya m'manja mwanga imene ndinali nditaiiwala. Ndinafuula, wodi yonse inaseka.

Malamulo anali olimba: osawerama, osanyamula zolemera, osayandikira utsi ndi fumbi, mankhwala m'diso m'mawa, masana ndi madzulo. Nazale ya fodya chaka chimenecho anandifesera ena. Kukhala pakhonde manja ali pamiyendo kunandivuta kuposa opaleshoni, koma ndinamvera. Nditapita kukaonetsanso, anati diso lapola bwino.

Pobwerera sindinafikire kunyumba. Ndinatsika pa shopu paja n'kuona ndi diso langa latsopano zimene ndinachita. Esinati sananame. Chovala chofiirira, mamba olowana ngati phala, chipsera chatsetsereka mpaka pachibwano. Ndinaitanitsa laimu, ndinafufuta khoma lonse masana, msika ukuona. A Mwale anati, "Bambo, bwenzi mutapuma kaye." Ndinati, "A Mwale, inu gwirani makwerero. Ndipo kuyambira lero mukaona cholakwika muzinena, ulemu mukandipatsa kunyumba."

Ndinayambiranso, pang'onopang'ono, nditavala magalasi akuda amene anandipatsa. Tsiku lomaliza osewera anasiya magemu awo, anatuluka ndi mafoni, akukulitsa chithunzi ndi zala, akufananiza lamba ndi lamba, mkanda ndi mkanda. Anafufuza ngati ogula fodya ku okushoni. Mmodzi wovuta kwambiri, woyendetsa kabaza, anavula kapusi n'kunena kuti, "Madala, uyu ndiye iyeyo." Tsopano amabwera ndi ochokera ku Lukwa kudzajambulitsa pakhomapo.

Lero diso lamanja likuona bwino, lamanzere ndikudikira tsiku limene anandiuza, ndipo ndidzapita ndekha osakokedwa. Anzanga okalamba, ng'ala sipweteka, n'chifukwa chake imanamiza. Mukaona ngati kunja kwachita chifunga chosatha, pitani kuchipatala msanga. Musadikire kuti akamwini anu akuuzeni. Sadzanena.