Tsiku Limene Mitengo Inakwera Pakhoma ku Nguludi

Ndinanyamuka ku Limbe Lachiwiri m'mawa, chiperoni chili m'mafupa, nditakumbatira katoni ngati mwana wodwala. M'katonimo munali sikirini. Ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi ma TV, ndipo sikiriniyi ndinaiukitsa ndekha mwini wake ataitaya mtima. Ndinkapita nayo ku Nguludi kwa achemwali anga a Filomena, amene ali ndi lesitilanti yaing'ono pafupi ndi geti la chipatala cha mishoni. Chimwalirireni alamu, malowo ankangolowa pansi, ndipo achemwali anali atandiuza pafoni kuti mwezi ukatha zinthu zili chomwechi, atseka n'kubwerera kumunda. Ali ndi ana atatu pasukulu.

Ku Limbe ndinali nditaona mmene malo odyera ena amachitira. Amapachika sikirini moyang'ana makasitomala, n'kumaonetsa zithunzi za zakudya ndi mitengo yake. Munthu wongodutsa amaima, malovu n'kudzaza m'kamwa, miyendo n'kulowa yokha. Zithunzi za mbale za achemwali ndinajambula nditapita pa Pasaka, koma mitengo ndinachita kuwakoka pakamwa, ndipo sindinadzifunse chifukwa chake.

Kondakitala wa minibasi anayang'ana katoni asanayang'ane ine.

"Imeneyo ilipira mpando, bwana."

"Ndiiika pamiyendo."

"Ndiye miyendoyo ilipira."

Tinagwirizana thu faifi ya ine ndi faifi handiredi ya miyendo. Pambali panga panakhala mayi wina wachikulire, beseni la ufa lili kumapazi ndi kamtolo ka nkhuni pansi pa mpando. Ankapita kukadikirira mpongozi wawo kuchipatala komweko. Titapitirira Bangwe, nyumba zitayamba kupatukana ndipo minda ya nandolo itayamba kuoneka, anagogoda katoni ndi chala.

"Ndi yoonetsa mpira?"

"Iyayi amayi, ndi yoonetsa ndiwo."

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Nditawafotokozera bwinobwino, kuseka kunatha.

"Ine m'lesitilanti sindilowa," anatero. "Ukafunsa mtengo, onse amasiya kudya n'kutembenuka. Ndiye ukapeza kuti ndalama sizikukwana, utuluka bwanji? Bola kungodutsa ndi njala yako."

Mawu amenewa anandilimbitsa mtima kwambiri. Ndinaona kuti sindinanyamule chinthu chachabe.

Pamphambano ya ku Nguludi ndinatsika n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Anati wani faifi, ndipo sindinatsutse chifukwa manja anga onse anali pakatoni. Ndinamupempha kuti ayende pang'onopang'ono poti ndilibe pogwira.

"Inu gwirani katoni, achimwene," anatero mnyamatayo. "Inuyo akugwirani ndi Amayi Maria."

Tinadutsa anthu oyenda pansi atasenza mabeseni, ena akukankha njinga zokwezapo odwala ofunda mabulangete. Msewu wopita kuchipatala sukhala ndi phokoso ngati misewu ina. Anthu amayenda akuganiza.

Achemwali ndinawapeza akusenda anyezi pakhonde. Anali ataonda, ndipo zinandipweteka mumtima. Anandipatsa tiyi ndi chinangwa chophika, n'kukhala pabenchi akuyang'ana katoni ija ngati mlendo amene sakudziwa kuti amugoneka pati.

"Achimwene, mitengo ikakhala pakhoma sindingaisinthenso."

"N'chifukwa chake ndabwera nayo. Aliyense adziwe asanalowe."

Apa m'pamene anandiuza mmene ankagwirira ntchito ndi malemu alamu. Pamalo pawo mtengo sunkalembedwa paliponse. Munthu akalowa ankamuyang'ana kaye, nsapato zake, nkhope yake, ndi kutalika kwa nthawi imene wakhala akuoneka pageti la chipatala. Dalaivala kapena mphunzitsi ankamuuza mtengo weniweni. Wodikirira matenda amene thumba lamuthera ankamuuza wina wotsika, motsitsa mawu, ngati kuti ndiwo mtengo wa aliyense. Munthuyo ankalipira n'kutuluka mutu uli m'mwamba.

Ine ndili ndi pakamwa pofulumira. Ndinawauza kuti chifundo choterocho n'chimene chikuwatsekera chitseko, ndipo anthu a ndalama akudutsa chifukwa sadziwa n'komwe zimene zili m'mapoto. Anaimirira n'kukanditengera mpando woti ndikwerepo.

"Khomani," anatero.

Ndinaikhoma pamwamba pa kauntala, moyang'ana khomo, kuti woyenda mumsewu aziiona. Nditalowetsa fulashi imene ndinasungamo zithunzi zija, zinayamba kusinthana. Chipisi cha mazira, nkhuku ya lokolo, mpunga wa nyemba, nandolo wotendera, tiyi ndi mandasi, chilichonse ndi mtengo wake pansi.

Pofika masana ndinaona zimene ndinabwerera. Atsikana ophunzira unamwino amene ankapita kukagula mabanzi anaima pakhomo, n'kukodolana, n'kulowa onse. Madalaivala awiri analowa akuloza ndi chala, osafunsa kanthu, ndipo mzere unkayenda msanga poti panalibe zonenerera. Mphunzitsi wina anati wakhala akudutsa pamenepa zaka zambiri osadziwa kuti pamaphikidwa nkhuku. Mazira anatha, achemwali n'kuthamangira kusitolo kukatenga ena. Ngakhale mayi a mu minibasi aja anatulukira. Anaima panja, anadikira chithunzi cha tiyi, anamasula mfundo ya chitenje n'kusuzumiramo, kenako analowa ngati malowo ndi awo. Achemwali anamwetulira, ndipo ndinali ndisanaone mano awo chichokereni kumaliro.

Anthu atayamba kuchepa, pakhomo panaima bambo wina wokalamba, wa jekete lotuwa koma lochapa bwino, chipewa kumutu, kontena ya pulasitiki m'manja. Achemwali anasiya chipande m'poto.

"A Makwinja, a kwa Likoswe," anandinong'oneza. "Akazi awo anathyoka m'chiuno, agonekedwa kuyambira kusanazizire. Ana onse ali kutali. Amagula mpunga wa nyemba tsiku lililonse, n'kukadyera limodzi kuwodi."

"Amalipira zingati?"

"Sizifika ndi theka lomwe."

Bambowo anayang'ana sikirini. Chithunzi cha mpunga chinabwera n'kupita. Sanasunthe. Anadikira zithunzi zonse zizungulire mpaka mpunga unabweranso, milomo yawo ikuwerenga manambala. Kenako analowa, anavula chipewa, n'kupereka moni kwa aliyense monga mwa ulemu wawo.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "chikunama ndi ichi, kapena munkanama ndinu?"

"Khalani pansi kaye, bambo."

"Iyayi, ndingoima. Ine mayi akunyumba ndimawauza kuti ndagula. Amadya chifukwa ndagula. Moyo wawo wonse sanadyepo chopempha."

"Simunapemphe, bambo. Munalipira zimene ndinakuuzani."

"Eya, ndinalipira zimene munandiuza."

Panalibe mkwiyo m'mawu awo, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anatembenukira kukhoma, n'kudikiranso mpaka panabwera chithunzi cha mandasi. Anagula awiri pamtengo wolembedwawo, anawaika m'kontena ija, anathokoza, n'kutuluka.

Ndinamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Ndinakoka mpando uja kuti ndikwere ndiichotse, koma achemwali anandigwira mkono. Anayang'ana mbale zakuda zimene zinaunjikana m'beseni, zochuluka kuposa zimene anatsuka sabata yonse yapitayo.

"Isiyeni," anatero. "Ana anga nawonso amadya."

Anapakula mpunga ndi nyemba m'mbale yawo ya kunyumba, anavindikira, anamanga m'kansalu, n'kutuluka, kundisiya ndi mayi amene amawathandiza kuphika. Ndinadikira, koma sanabwere msanga, ndipo ine ndinayenera kupeza minibasi dzuwa lisanapendeke kwambiri. Ndinamuonetsa mayiyo poyatsira ndi pozimitsira, n'kuitana kabaza.

Podutsa pageti la chipatala ndinawaona. A Makwinja anakhala pakhoma lalifupi, kontena ili pamaondo. Achemwali anaima pambali pawo, mbale ili m'manja. Njinga inakhota ndisanaone ngati mbaleyo inalandiridwa.

Mu minibasi yobwerera ndinali ndi malo okwanira miyendo, koma ulendo unanditalikira. Ndinapita ku Nguludi ndikudziwa kuti mtengo wolembedwa poyera umachotsa manyazi, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti n'zoona. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pali anthu ena amene ulemu wawo unkasungidwa ndi mtengo wosalembedwa, ndipo khoma silingayang'ane munthu kumaso lisanayankhe.

Lesitilanti sinatsekedwe. Achemwali akuti masiku ano masana mabenchi sakwanira, ndipo agula ena awiri. Nditawafunsa za a Makwinja anandiuza kuti sanalowenso. Akazi awo anachira n'kutulutsidwa, ndipo tsiku lopita kwawo bambowo anadutsa pakhomo akukankha njinga, mayiwo ali pakaliyala. Atafika polunjika kauntala anavula chipewa, koma sanaime.