Makatani a mu wodi ya amuna

Apongozi anga aakazi ndi telala. Akhala akusoka pakhonde la sitolo ya nsapato kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo anthu a mumsewu umenewo amawatchula kuti a Tepi, chifukwa tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo. Amapita nayo kuukwati, kumaliro, ngakhale kubanki. Tsiku limene mwana wawo anakandionetsa kwawo, sanandifunse za makolo anga kapena za sukulu. Anandiyang'ana kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Diresili anakusokerani ndani? Mkono wamanzere ndi wautali." Ndinabwerera kwathu nditakhumudwa. Nditalivula n'kuliyeza, ndinapeza kuti ankanena zoona.

Amuna awo ndi owotcherera zitsulo, amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Ndi munthu wamkulu thupi, wa mawu aakulu, wokonda nthabwala. Zaka zisanu zapitazo matenda a shuga anawabweretsera chilonda paphazi, ndipo anagonekedwa masabata atatu m'chipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Mu wodi ya amuna munali mabedi khumi ndi anayi, asanu ndi awiri mbali iyi, asanu ndi awiri mbali inayo. Chotchingira chinalipo chimodzi chokha, cha mateyala, ndipo teyala lina linali lothyoka. Namwino akamasambitsa munthu, kapena akamamupatsa chiwiya chodzithandizira pabedi, wodi yonse inkaona. Odwala aulemu ankayang'ana kudenga.

Patapita masiku anayi tinazindikira kuti apongozi aamunawo, amene ndimangowatchula kuti abambo, asiya kudya ndi kumwa. Ankati alibe chilakolako. Amayi, a Tepi aja, anawayang'anitsitsa.

"Inu bambo a ana, musandinamize. Mukuopa chiwiya chija."

"Ndili ndi zidzukulu ine," anatero abambo motsitsa mawu. "Mnyamata wagona apoyo ndinamuphunzitsa ntchito ndine. Azindiona choncho?"

Amayi anatulutsa nsalu yoyala pabedi m'chikwama n'kundipatsa nsonga imodzi. "Gwirani uku, mukweze manja, nkhope kukhoma." Tinaima choncho mpaka namwino atamaliza, mikono ikuwawa. Tikupinda nsaluyo, mkulu wina amene anagona bedi loyandikana anati, "Mayi, mukapuma mubwerenso kuno." Kuyambira tsiku limenelo, nthawi yoonera odwala ikakwana tinkazungulira mabedi ndi nsalu yathu.

M'chipatalamo munali gulu la anthu odzipereka, ambiri mwa iwo opuma pa ntchito. Ankavala maepuloni obiriwira. Ankagawa tiyi, kuperekeza odwala kukajambulitsa, kuimbira foni abale a anthu amene analibe owayendera, ndipo Loweruka ankagulitsa zovala ndi mabuku akale pageti kuti apeze ndalama zothandizira chipatala. Wapampando wawo anali mphunzitsi wamkulu wopuma, amene aliyense ankangomuti a Hedi. Abambo atatuluka, akutsimphina koma ali moyo, amayi anakalembetsa m'gululo.

Msonkhano wawo woyamba unachitikira m'kachipinda ka kuseri kwa malo olandirira mankhwala, ndipo ine ndinawaperekeza. Gulu linali litasonkhanitsa ndalama chaka chathunthu ndipo linkafuna kugula wailesi yakanema yoika pamalo odikirira. Amayi anakweza dzanja n'kunena za makatani.

A Hedi anavula magalasi. "Mayi, mwalowa lero. Kawirikawiri atsopano amayamba amvetsera kaye."

"Ndamvetsera kale, a Hedi. Masabata atatu ndinali pabenchi mu wodi muja."

Anafotokoza za chiwiya, za nsalu, za amuna akuluakulu okana madzi. Ena anagwedeza mitu, koma anthu anali atalonjezedwa kale kanema, ndipo ataponya voti kanema anapambana. Ndinkaganiza kuti amayi anyamuka n'kumapita, pakuti ndimawadziwa. Koma anangoti, "Chabwino, gulani. Ine mungondipatsa malo pageti Loweruka. Ndalama za makatani ndizisaka ndi makina anga."

Loweruka ndi tsiku limene telala amapeza ndalama zambiri, koma amayi anayamba kutseka pakhonde pawo tsiku limenelo. Amuna anga ankanyamula makina pawilibala mpaka pageti la chipatala, n'kuwaika pakati pa tebulo la mabuku ndi la zovala. Abambo analemba pachitsulo ndi penti yoyera kuti, "Chong'ambika chilichonse timasoka pompano. Ndalama ndi za makatani a odwala."

Anthu amafika msanga pachipatala n'kumadikira nthawi yolowera, ndipo munthu wodikira amayamba kukumbukira zipi yakufa ya chikwama chake. Sabata yoyamba kunabwera anthu ochepa. Pofika mwezi wachiwiri ena ankabwera ndi majumbo odzaza kuchokera kunyumba. Anamwino ankabweretsa mayunifolomu oti awabweze m'chiuno. Mlonda wa pageti tsiku lina anabisala m'kanyumba kake theka la ola, thalauza lake lili pamakina, geti akutsegula ndi abambo. Mayi wina wa m'gulu, amene kale ankagulitsa matikiti a basi, anadzipatsa ntchito yoitanira anthu. Ankaloza munthu patali n'kumuuza kuti, "Achimwene, thumba lanu la kumbuyo likulankhula."

A Hedi anaonerera kwa masabata angapo ali patebulo lawo la mabuku. Kenako anabwera ndi masuti atatu.

"Ndinawonda chipumireni pa ntchito," anatero. "Muwachepetse."

Amayi anawayeza ndi maso. "Simunawonde inu. Masutiwa akukukwanani bwinobwino."

"Ndiye musinthe mabatani."

Anasintha mabatani amene analibe vuto lililonse, ndipo a Hedi analipira mtengo wochepetsera suti.

Patatha miyezi isanu ndalama zinakwana. Amayi anapita okha kukagula nsalu. Anasankha ya thonje, yabuluu wowala, ya timaluwa ting'onoting'ono toyera, poti ankati munthu wodwala azipenya chinthu chosangalatsa. Abambo anapanga zitsulo zokolekapo, zopindika bwino kuzungulira bedi lililonse, akugwira ntchito atakhala pampando chifukwa cha phazi lija. Tsiku lopachika, gulu lonse linabwera, odwala anaomba m'manja, ndipo a Hedi analankhula kwa nthawi yaitali.

Makataniwo anakhala okongola masabata awiri. Atangochapidwa koyamba, sisitala wamkulu anaitanitsa amayi. Ndinapita nawo. Nsalu inali itafupika ndi chikhatho chathunthu ndi theka, moti inkalekezera pamwamba pa matiresi. Mtundu wabuluu unali utasuluka mwa apo ndi apo ngati mapu. Munthu wogona bedi lina ankaona zonse kudzera m'munsi.

"Pepani mayi," anatero sisitala. "Kuno timachapa ndi madzi otentha kwambiri ndiponso mankhwala ophera majeremusi. Ndikanakuuzani, koma sindinaganizeko."

Amayi anagwira mpendero wa katani imodzi, anauyang'ana, n'kuusiya. Masiku awiri sanalankhule za nkhaniyo. Pakhonde ankasoka mwakachetechete, ndipo ngakhale abambo, amene amaseka chilichonse, sanayerekeze.

Tsiku lachitatu anandiuza kuti ndiwaperekeze kochapira zovala za chipatala, kuseri kwa khitchini. Kumeneko kunali bambo wochapa, wamfupi, wa manja otuwa, ataima pakati pa makina awiri aakulu ndi nthunzi.

"Ndinadziwa tsiku limene munapachika," anatero bamboyo. "Ndinangoigwira nsaluyo n'kuti, iyi ikalowa kwanga yatha."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikananena kwa ndani, mayi? Zaka khumi ndi zisanu ndikuchapa muno, sanabwerepo munthu kudzandifunsa za nsalu. Zimangobwera, ine n'kuchapa."

"Lero ndabwera ine. Mundiphunzitse."

Anakhala pa ndowa yovundikira n'kumvetsera kwa ola lathunthu. Mawa lake anazungulira m'masitolo kupempha tizidutswa ta nsalu zisanu ndi imodzi zosiyanasiyana. Kalikonse anakadula mofanana, anakayeza, n'kulemba muyezo wake m'kope. Bambo wochapa anachapa tizidutswato kakhumi pamodzi ndi zofunda za odwala. Tinayi tinafupika, kena kanayamba kuyoyoka ulusi. Kamodzi kokha kanatuluka monga kanalowera, kansalu kokhuthala kobiriwira mozimiririka.

"Yonyansa," anatero amayi akuitembenuza. "Koma ndi imeneyi."

Pamsonkhano wotsatira anaimirira asanapatsidwe mpata. Anaika katani yofupika ija patebulo.

"Anzanga, ndalakwitsa ndine. Anthu anatikhulupirira ndi ndalama zawo, ine n'kukagula nsalu ndi maso, osafunsa munthu woichapa. Ndikuyambiranso. Amene watopa nane sindimudandaula."

Kenako mayi woitanira anthu uja anafunsa kuti makatani owonongekawo apita kuti. Amayi anati awadula, malo amene mtundu sunasuluke asokamo zikwama ndi maepuloni a ana, zigulitsidwe pageti. A Hedi anatsegula kope lawo n'kunena kuti gulu linkasunga ndalama zopentera mpanda, koma mpanda ungathe kudikira chaka china. Anafunsa ngati alipo wotsutsa, ndipo panalibe.

"Koma ndili ndi pempho limodzi," anawonjezera a Hedi. "Bambo wochapa uja azibwera pamisonkhano yathu."

Ulendo uno sizinatenge miyezi isanu. Zikwama zamaluwa zinatha m'masabata atatu, mwina chifukwa nkhani inali itafala ndipo aliyense ankafuna kachidutswa ka makatani otchuka aja. Amayi anatumiza mpukutu wonse wa nsalu yatsopano kochapira asanaudule, kuti ngati ikufuna kufupika ifupikiretu. Nsalu yokhuthalayo inathyola singano zambiri, ndipo amayi atatu a m'gulu anabwera kudzathandiza kupinda mipendero pakhonde lathu. Mmodzi anali asanagwirepo makina chibadwire. Amayi anamumasulitsa mzere womwewo kanayi, mpaka mayiyo anati, "A Tepi, odwala sadzayeza ndi rula." Amayi anati, "Ndidzayeza ndine."

Tsiku lopachika kachiwiri kunalibe zolankhulalankhula. Abambo anakwera pamakwerero ngakhale tinawaletsa, ife tikuwapatsira makatani, sisitala akukoka katani iliyonse kuti aone ngati ikuyenda bwino. Inkafika chikhatho chimodzi kuchokera pansi, kuti wokolopa asainyowetse. Muyezo umenewo anapereka ndi mayi wokolopa mu wodimo, amene amayi anakamufunsa yekha.

Chaka chotsatira anasoka a mu wodi ya amayi, kenako a kochirira. Gulu linakula, pakuti ena amene ankabwera kudzasoketsa pageti anayamba kufunsa kuti epuloni yobiriwira amaipeza bwanji. Bambo wochapa tsopano ndi amene amafunsidwa koyamba gulu likafuna kugula zofunda kapena matawulo, ndipo amabwera kumsonkhano atavala jekete. Amayi maso ayamba kuwavuta, ulusi amawalowetsera pasingano ndine kapena aliyense amene ali pafupi. Pakhonde la sitolo amapitako masiku atatu okha pa sabata. Lachiwiri amagawa tiyi m'mawodi, Loweruka amakhala pageti. Mwana wawo atawauza kuti apume, anamufunsa ngati iye wapuma kudya.

Mwezi watha ndinawathandiza kukankha tebulo la tiyi mu wodi ya amuna. Pabedi lakumapeto panali katani yotsekedwa mbali zonse, ngakhale namwino anali atamaliza kalekale. Amayi anaima panja pake n'kuodira ngati ali pakhomo la nyumba ya munthu.

"Lowani," anatero mawu a munthu wokalamba.

Anali agogo ena owonda, opanda wowayendera, amene anatiuza kuti anayendetsa basi zaka makumi anayi. Amayi anawathirira tiyi n'kuwafunsa ngati akufuna kuti titsekenso potuluka.

"Ayi, tsegulani," anatero agogowo. "M'mawa uja ndinkafuna kubisala, pano ndikufuna kuona anthu. Amene anapanga chinthu ichi anaganiza bwino, koma nsalu yake sanasankhe. Mtundu wanji umenewu?"

"Ndi woipadi," anatero amayi, akukokera katani kukhoma. "Shuga tikuikireni masupuni angati?"

"Atatu."

Amayi anasuzumira khadi limene linali kumiyendo kwa bedi. "Apa alemba kuti musamadye shuga."

"Ndiye mumafunsiranji?"

"Ndimafuna ndione ngati ndinu munthu woona."

Agogowo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anamwa tiyi wawo wopanda shuga akuyang'ana wodi yonse. Ife tinakankha tebulo kupita pabedi lotsatira.