Nyimbo yopanda batani

Kwaya ya amayi a mpingo wathu ku Kawale inajambulitsa nyimbo zisanu ndi ziwiri Loweruka lina, kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mitengo ya keshya. Wojambula anali bambo wina wa ku Chinsapo amene ankayenda ndi kamera m'maukwati. Nyimbo yomaliza anatsogolera ndi mkazi wanga. Patangotha miyezi inayi tinamuika m'manda.

Tepi ija inakhala m'kabati ya amayi a tcheya wa kwaya pafupifupi chaka. Kenaka tsiku lina titaweruka mapemphero anandiimitsa pakhomo.

"Abambo, inu ndi amene mumatilembera makalata a mpingo pa kompyuta. Tikufuna chimbale ngati cha anzathu a ku Area 23, chija ukachiika mu deki pamabwera mayina a nyimbo, iwe n'kumangosankha."

Ndinawauza kuti ine ndimadziwa kutayipa basi.

"Aa, kompyuta ndi kompyuta. Wodziwa kuphika nyemba angalephere khobwe?"

Ndinavomera. Si kuti anandigonjetsa ndi khobweyo ayi. Kunyumba ndinali ndi mwana mmodzi, mtsikana, ali Fomu 2 nthawi imeneyo. Masiku angapo m'mbuyomo, tikutola miyala mu mpunga pakhonde, anali atandiuza mosayang'ana kumaso kuti, "Ababa, nkhope ya amayi ndimaikumbuka chifukwa cha chithunzi, koma mawu awo ayamba kundithawa." Tinalibe china chilichonse chosunga mawu a mayi ake kupatula tepi imeneyo.

Ku Biwi kunali bambo wina wa ku Rumphi amene ankabena zimbale, kukopera nyimbo ndi makanema pa kompyuta, m'kachipinda ka malata, pakati pa owotcherera zitseko ndi ometa tsitsi. Anali wamsinkhu wanga, wokonda kuseka, ndipo ankanditchula kuti "a dala" ngakhale imvi anali nazo zambiri ndi iyeyo. Anatsitsa zonse za pa tepi kuziika m'kompyuta yake yachiwiri, nandilola kumaigwiritsa ntchito Loweruka masana. Tepi tinaibweza kwa mwini wake, wojambula wa ku Chinsapo uja, ndipo sabata yomweyo anajambulirapo ukwati.

Tsiku loyamba bambo wa ku Rumphi uja anandilozera pagalasi la kompyuta. "Ichi ndiye menyu, a dala. Tsamba loyamba limene munthu amaona. Timabokosi iti ndi mabatani. Batani lililonse mulimangirire ku nyimbo yake, ngati mbuzi pa chikhomo. Mukapanda kumanga, idzakadya kwa eni."

Ndinalakwitsa zonse zimene munthu angalakwitse. Ndinasankha zilembo zopotanapotana chifukwa zinkaoneka ngati za pa khadi la ukwati. Titayesa pa TV yake palibe amene anatha kuziwerenga. Ndinalemba mayina a nyimbo ndi mtundu wachikasu pamwamba pa mabulauzi oyera a amayi. Ndinakankhira mabatani m'mphepete kuti chithunzi cha kwaya chioneke bwino, TV n'kudula theka la dzina lililonse. Chimbale choyamba chimene ndinabena, batani lililonse limene unkadina linkakupititsa ku nyimbo yoyamba.

"Mbuzi zonse mwamanga pa chikhomo chimodzi!" Anaseka mpaka wometa uja anasuzumira. "Musadandaule, ichi tiziikapo kapu ya tiyi."

Loweruka lina magetsi anazima chimbale chili pakati, tinapeza choikapo kapu chachiwiri. Koma ntchitoyo ndinayamba kuikonda. Chimwalirire mkazi wanga, aka kanali koyamba kuti ndikhale maola atatu osaganiza za iye. Ndinkapita nyimbo imodziimodzi, kupeza poyambira pake, kusankha kachithunzi koika m'bokosi. Yachisanu ndi chiwiri ndinkangoizengereza. Ndikafika kunyumba mwana ankandichingamira pa geti.

"Mwafika pa ya amayi?"

"Sabata ya mawa."

Sabata ya mawayo inafika. Ndinadina, ndipo mkazi wanga anatuluka pamzere wa amayi n'kuima kutsogolo.

M'mutu mwanga ndinali nditamusunga monga analili kale, wamasaya, wa mikono yotha kunyamula ndowa ziwiri kuchokera ku mpope. Kamera inali itasunga wina. Bulauzi inkalendewera ngati yayanikidwa pa chingwe. Chitenje anachizunguliza kawiri. Mafupa a m'khosi ankawerengeka. Koma atatsegula pakamwa, mawu anali omwe aja, athunthu, osagwedera ngakhale pang'ono.

Bambo wa ku Rumphi anasiya zimene ankachita n'kuima kumbuyo kwanga.

"Eee, amayi awa mawu ali nawo. Koma thupi ili, a dala... alipo amenewa?"

"Anatisiya."

"Zimaoneka. Matenda a masiku anowa." Anapukusa mutu nabwerera pampando wake.

Sananene mwachipongwe, ndipo sindinamusungire kanthu. Iye sankadziwa. Amene ankadziwa ndi ine, ndipo sindinanene kuti ameneyo ndi mkazi wanga.

Chimene chinamutenga sindichilemba pano. Ndi chake ndi Mulungu wake. Koma ndinaona m'maganizo chimbale chija chikulowa m'nyumba za ku Kawale, ku Kaliyeka, ku Mgona, kulikonse kumene amayi a kwaya anali ndi abale. Ndinaona anthu ataimitsa chithunzi ndi rimoti, akulozerana. Ndinadziuza kuti ndikuteteza ulemu wa malemu. Mpaka ndinapemphera pomwepo, kapemphero kafupi kopempha nzeru. Lero ndikudziwa kuti ndinali nditasankha kale ndisanatseke maso. Ndinkaopa kuti akatha kumuloza iye, adzatembenuka n'kuyamba kundiyeza ine ndi maso pamene ndikutolera chopereka.

Tsamba limene ndinasankha linali ndi mabokosi asanu ndi limodzi. Lachisanu ndi chiwiri linkagwera pa tsamba lachiwiri, ndipo ndinali nditaphunzitsidwa kale kalumikizidwe kake. Ndinadina bokosi lija, ndinadina pochotsera. Tsamba lachiwiri linazimirira. Ine m'kusadziwa kwanga ndinakhulupirira kuti batani likapita, nyimbo yapita nalo.

Ndinayesa mabatani onse asanu ndi limodzi. Lililonse linkatsegula nyimbo yake. Ndikamva mawu oyamba ndinkabwerera ku menyu. Tinabena zimbale zokwanira mayi aliyense wa kwaya, ndi chimodzi changa.

Mwana ndinamupeza akusita yunifomu.

"Nyimbo ya mayi ako sinalowe," ndinatero. "Malo anachepa."

Anaimika simbi. "Nanga tepi?"

"Anajambulirapo ukwati."

Chachiwiricho chinali choona, ndipo ndinachigwiritsa ntchito kuchirikiza bodza. Sanalire. Anamaliza kusita, anapinda bulangeti, kenaka anapita kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Kunyumba tinalibe deki. Chimbale changa ndinachiika m'sutikesi ya zovala za malemu. Mwanayo sanachifunse. Akapita kwa anzake kapena kwa amayi ena a mpingo, wina akangotulutsa chimbale cha kwaya, iye ankanyamuka n'kutuluka. Anandiuza yekha tsiku lina: "Ndizionera amayi a eni ake akuimba chifukwa chiyani?" Amayi aja ankaganiza kuti chikumutulutsa ndi chisoni, choncho ankamusiya.

Ine ndinkadikira tsiku limene amayi a kwaya adzandifunse za nyimbo yosowayo. Silinabwere. M'malo mwake ankandigwira dzanja ndi manja awiri. "Mwagwira ntchito, abambo. Mwatiliza." Amayi a tcheya anayambapo kamodzi kuti, "Koma komalizira kuja, abambo..." Ine ndinawadula ndi nkhani ya denga la tchalitchi limene linkadontha. Anandiyang'ana mwachifundo nasiya. Ndinapita kunyumba ndikuthokoza kuti ndapulumuka.

Zinatha zaka ziwiri.

Lamulungu lina masana ndinatuma mwana kukabweza mipando iwiri imene tinabwereka kwa amayi a tcheya pa mapemphero a m'dera. Anachedwa. Atabwera sanalowe m'nyumba. Anaima pakhonde pamene ndinakhala ndikuwerenga, manja ali kumbuyo monga ankachitira ali wamng'ono.

"Ababa, ndawaona amayi."

Sindinamvetse.

Anandifotokozera bwinobwino, mosakweza mawu. Anapeza chimbale chikusewera pabalaza, nyimbo yachisanu ndi chimodzi ili kumapeto. Anatsitsa mipando kuti azibwerera, koma amayi a tcheya anamugwira pamkono. "Wathawa mokwanira, mwanawe. Khala pansi, mayi ako akubwera." Nyimbo ija itatha, chithunzi chinada pang'ono, kenaka mayi ake anatuluka pamzere.

"Akuti chimatero nthawi zonse. Ukangochisiya, chimapitirira chokha. Akuti ankayesa munachita dala kusaika dzina, kuti inali njira yanu yolirira." Anasendera pafupi. "Munandiuza kuti sinalowe. Kapena simunkadziwa kuti ilimo?"

Anali atanditsegulira khomo lothawira. Ndikanati sindinkadziwa, sikukanakhala kunama, pakuti zoonadi sindinkadziwa. Ndinatseka buku linali pamiyendo pangalo.

"Sindinkadziwa kuti ilimo, mwana wanga, chifukwa ndinkayesa kuti ndinaichotsa. Malo analipo. Ndinachotsa dala."

"Chifukwa?"

"Anali ataonda kwambiri. Ndinaopa pakamwa pa anthu."

Anandiyang'ana ngati akuona mlendo atakhala pampando wa bambo ake.

"Amene ndinkawasambitsa ndi ine, ababa. Chitenje chija ndinawamanga ndine m'mawa umenewo, chifukwa manja awo ankanjenjemera. Munkandibisira chiyani chimene sindinachione?"

Kenaka anaonjezera kuti:

"Kawale yense wakhala akuwamva amayi anga zaka ziwiri. Kupatula ine."

Analowa m'nyumba. Ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Madzulo amenewo anaphika monga mwa masiku onse, anandiikira madzi osamba m'manja, koma pa pemphero la chakudya sindinamve ameni wake.

Loweruka lotsatira ndinamupempha kuti tipitire limodzi ku Biwi. Anavomera ndi mutu. Bambo wa ku Rumphi anali pomwe paja, kungoti ometa anali atasamuka. Nditamufotokozera za nyimbo yopitirira yokha, anayamba kuseka.

"A dala! Batani ndi chikwangwani chabe. Mukazula chikwangwani, msewu umachoka?"

"Amayi aja munati mawu ali nawo," ndinatero, "anali akazi anga. Uyu ndi mwana wawo."

Kuseka kunathera pomwepo. Anavula chipewa, anapukuta mpando ndi dzanja n'kuupereka kwa mwanayo. "Pepani, mama. Pakamwa panga pamathamanga." Kenaka anatembenukira kwa ine, motsitsa mawu: "Bwanji simunanene tsiku lija?"

Zakale zija anali atazifufuta m'kompyuta, koma anakopera zonse kuchokera pa chimbale changa, ndipo tinayamba menyu yatsopano. Manja anga anali ataiwala. Ndinamanganso mbuzi ziwiri pa chikhomo chimodzi, koma panalibe woseka. Titafika pa bokosi lachisanu ndi chiwiri ndinamusiyira mausi kuti asankhe chithunzi. Ine ndikanasankha pamene kamera inali patali, mayi ake akuoneka pakati pa anzawo. Iye anayendetsa pang'onopang'ono mpaka pamene kamera inayandikira kwambiri: khosi lonse poyera, maso otseka, dzanja limodzi m'mwamba, pakamwa potsegula.

"Apa."

"Palembedwe dzina la nyimbo?" ndinafunsa.

"Lembani dzina lawo."

Ndinalitayipa ndi zilembo zoongoka, zoyera pa mtundu wakuda, kutali ndi m'mphepete kuti TV isadule. Iye anati bokosilo likhale loyamba, pamwamba pa ena onse. Ndinalikoka n'kuliika pamenepo.

Mwezi womwewo ndinagula deki yogwiritsidwapo kale ntchito mu Old Town. Anaonera nyimbo ija kambirimbiri, nthawi zambiri ine kulibe. Ndinkadziwa chifukwa ndikabwera ndinkapeza deki ili yofunda. Tsiku lina ndinamupeza akuonera, ndinaima pakhomo osadziwa ngati ndilowe. Sanatembenuke, koma anasendeza miyendo pa mkeka kusiya malo. Ndinakhala. Itatha anati, "Pamene ndinkayesa kuwakumbuka, ndinkawapatsa mawu aang'ono. Kani anali aakulu chonchi."

Sananenepo kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinamufunse, chifukwa kufunsa kukanakhala kumusenzetsanso katundu wanga. Pano ali pabanja ku Area 25, ndipo chimbale chatsopano chija chili kwa iye. Chakale, cha mabatani asanu ndi limodzi, anandisiyira. Chinakalikakalika, chimadumpha pa nyimbo yachitatu. Ndikachiika ndimadina batani lomaliza, n'kuika rimoti patali ndi dzanja langa, n'kudikira.