Masefa Oyera ku Hatfield

Kumudzi ndinaphunzira utolankhani. Kuno ku Joni ndinapeza ntchito yosintha masefa a fumbi m'chipinda cha marauta ku Hatfield. Rauta ndi makina amene amalandira uthenga wa pa intaneti, kuwerenga kumene ukupita, n'kuutumiza. Ntchito ikawachulukira amatentha, mafani ake n'kumakoka fumbi lambiri. Fumbi limenelo ndi limene linkatidyetsa anthu awiri: ine ndi bambo ena achikulire a ku Dedza, amene ankachita lendi kachipinda ku Nellmapius.

Chaka china kunabwera mayi ena, injiniya, ndi mabokosi atsopano. Chizolowezi chofunsa sichinandithere. Anandiuza kuti uthenga umayenda m'mawaya a faiba uli kuwala, koma ukafika pathu wonse unkasandutsidwa magetsi kuti rauta auwerenge, ngakhale umene ukungodutsa kupita kwina. Mabokosiwo ankaulola wodutsawo kupitirira uli kuwala komweko, rauta osaukhudza.

Patapita milungu ingapo mafani anachepetsa phokoso. Masefa amene tinkasintha Lolemba lililonse ankatuluka oyera. Lipoti ndinkalemba ndine, chifukwa Chingelezi cha bambo aja chinali cha pakamwa pokha. Mawondo awo anali atatha. Palibe akanawalemba ntchito ya m'gadeni kwa anthu olemera a ku Irene, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo.

"Achimwene, lembani kuti ngakuda," anatero bambo aja tikudya buledi kuseri kwa nyumba ya marauta. "Ndani angabwere kudzanunkhiza sefa?"

"Abambo, makinawa amasunga okha mmene akutenthera. Adzaona kuti tanama."

"Eish, inu ndi sukulu yanuyo. Ku nyuzi kuja munkalemba zoona zokhazokha?"

Sindikudziwa ngati alipo akanayerekezadi lipoti langa ndi za makinawo. Ndinalemba kuti masefa ndi oyera, ndipo ndinkalemba chomwecho Lolemba lililonse.

Kampani inaona kuti munthu mmodzi akwanira, wobwera kawiri pamwezi. Inasunga wodziwa kulemba lipoti.

Tsiku lawo lomaliza, bambo aja anandionetsa katsegulidwe ka chitseko cha fani yakumapeto, chimene chimalimba: kukankha kaye ndi phewa, kenako kukoka. Anandiuza ndiyesere kawiri iwo akuona. Atakhutira anapinda ovolosi yawo, kuiika m'pepala la pulasitiki, n'kupita kukakwera takisi.

Nambala yawo ndikadali nayo m'foni. Sindinawaimbirepo.