Kadontho Kowala Pachiwindi cha Amuna Anga

Amuna anga anali telala pa Chiponde. Ankasokera pakhonde la sitolo ina pafupi ndi geti la pamalire, ndipo makasitomala awo ambiri anali ochokera ku Mozambiki. Ndinadziwa kuti akudwala atasiya kupita kumzikiti Lachisanu, munthu amene sankajomba ngakhale mvula ivumbe bwanji. Nditawapanikiza ndi mafunso anaulula kuti mkodzo umawadontha. Akangomaliza kudziyeretsa kuti aswali, ankapezeka adetsanso zovala, ndiye ankachita manyazi kuima pamzere ndi anzawo.

Kuchipatala cha ku boma anawaika kapaipi kotulutsira mkodzo. Ku Blantyre anatiuza kuti ndi khansa ya pulositeti, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Mwana wathu woyamba, amene amagwira ntchito ku Joni, atamva anaimba foni.

"Amama, bwerani nawo kuno ababawo. Kuno kuli makina oona thupi lonse."

Tinapita pa basi. Dokotala wa kumeneko anali mayi wolankhula pang'onopang'ono, ndipo mwana wathu ndiye ankamasulira. Dokotalayo anati amabaya mankhwala mumtsempha, mankhwalawo amakamatirira pa khansa ya pulositeti paliponse pamene yabisala, kenako malowo amawala pachithunzi. Atatha kujambula anatembenuza kompyuta kuti tione. Impso zinkawala, koma anati zimenezo zimawala mwa aliyense. Kenako analoza malo awiri ndi cholembera: ena pansi pa mimba, ena pachiwindi.

"Zikuoneka kuti yafalikira," anatero. "Koma khansa imeneyi imamva jakisoni. Tiyese."

Tinakhala m'kachipinda ka mwana wathu, iye akukagona kwa mnzake. Jakisoniyo anagwiradi ntchito. Magazi akawayeza ankati akusintha, kapaipi anachotsa, ndipo amuna anga anayamba kuwerengera zobwerera kwathu Ramadhani isanafike. Koma ine, amene ndinkawasambitsa, ndinkaona zina. Wotchi inayamba kutsetsereka pamkono mpaka m'chigongono. Mimba inkatupa kumanja. Tsiku lina ndikuwapatsa tiyi pazenera ndinaona kuti maso awo asanduka achikasu.

Anawajambulanso. Pansi pa mimba panali patazilala, koma pachiwindi panali patakula. Ulendo uno anawabaya singano yaitali m'nthiti n'kutenga kanyama kokapima. Zotsatira zitabwera dokotala uja anatikhazika pansi, iyenso n'kuchoka kuseri kwa tebulo lake kudzakhala pafupi nafe.

Anati chotupa cha pachiwindi sichinachokere ku pulositeti. Inali khansa ina, ya chiwindi chenichenicho. Chizindikiro chimene mankhwala aja amasaka, anati, nthawi zina chimapezekanso m'timitsempha ta zotupa zina, ndiye nazonso zimawala chimodzimodzi. Jakisoni yense uja sankachikhudza n'komwe.

Mwana wathu anamasulira atayang'ana pansi. Amuna anga anafunsa, "Mukanadziwa poyamba paja, mukanachidula?"

Dokotala anati mwina, koma sangatsimikize. Anati tsopano chinali chitagwira mtsempha waukulu ndipo mpeni sungathandize. Mwanayo anayamba kukweza mawu m'Chingerezi. Bambo ake anamugwira bondo.

"Usakalipe. Kagule matikiti. Sindifuna kubwerera kwathu m'bokosi."

Ulendo wobwerera sindifuna kuukumbuka. Mwana wathu anatsala chifukwa mapepala ake sanali bwino, akanatuluka sakanalowanso. Pa siteji anagwada n'kuwamanga bambo ake zingwe za nsapato, poti sankathanso kuwerama. M'basi ndinawagoneka pamiyendo panga, miyendo yawo yotupa itatulukira m'kanjira, anthu akuidumpha. Pa Tete anasanza magazi m'chitenje changa. Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwathu anandipatsa chake.

Kunyumba anakhala osakwana mwezi. Achibale ankabwera kudzazonda, aliyense ndi maganizo ake: wina ati tipite kwa sing'anga wa ku Mandimba, wina ati Joni ndiye wawapha. Amuna angawo ankangopempha madzi ozizira ndi kuti tiwatembenuze. Anamwalira m'mawa, ine ndili pa mjigo.

Maliro ananyamuka masana omwewo. Ife akazi tinatsala pakhomo monga mwa mwambo wathu. Mlamu wanga ndiye anapita ndi foni kumanda, naisiya yoyatsa m'thumba la malaya, kuti mwana wathu ku Joni amveko pemphero la dua ndi kugwa kwa dothi.