Mpando Unali pa Msomali

Dzina loti a Siinama anawapatsa ndi makasitomala awo. Munthu akabwera ndi njinga yamoto ya pamadzi n'kuyamba kufotokoza vuto lake, iwo ankamudula pakamwa: "Khalani chete, achimwene. Munthu amanama, injini siinama." Kwa zaka makumi atatu anakonza njinga zimenezi m'galaja ya malata kuseri kwa nyumba yawo, koma eni akewo sanakwerepo n'kamodzi komwe. Ankaopa madzi ngati mphaka.

Kagwiridwe kawo ka ntchito sikankasintha. Ankayamba n'kuchotsa mpando, poti injini imakhala pansi pake. Kenako batire, mapulagi, mafuta. Akalumikiza paipi ya madzi oziziritsa, ankadina batani n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Makutu awo sanawanamizepo, ndipo n'chifukwa chake ankayenda modzimva.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamwamuna, wokwatira. Mwanayo ankagwira ntchito yopulumutsa osambira pa hotela ina, ndipo njinga yake anamulumikizira ndi bambo akewo kuchokera ku zidutswa za njinga zakufa. Tsiku lina lamphepo analowa nayo m'mafunde kukatenga alendo awiri amene bwato lawo linkatengedwa. Alendowo anapulumutsidwa ndi asodzi. Njinga inapezeka ikuyandama yokha, thupi la mnyamatayo linapezeka patapita masiku awiri.

Pamaliro sipasowa wonong'ona. Wina anati mnyamatayo anali atamwa. Njinga itabwezedwa kunyumba, a Siinama anachotsa mpando n'kuupachika pamsomali, anaumitsa mapulagi, nadina batani. Injini inalira pompo.

"Ilibe vuto iyi," anatero, anthu ali pakhomo. "Ndiye kuti vuto linali pa wokwerayo."

Mawu amenewo anali ankhanza, ndipo munthu waimvi sayenera kulankhula chotero misozi isanaume. Mpongozi wawo anawamva. Anamanga katundu wake, anabereka khanda kumbuyo n'kuchoka osatsanzika. Madzi akatayika saoleka, koma a Siinama sanayese n'komwe kuwerama. Akazi awo sanakangane nawo. Anangosiya kulowa m'galaja, tiyi ankamusiya pakhomo.

Zaka zisanu ndi chimodzi njingayo inakhala pangolo yake pakona. Loweruka lililonse a Siinama ankaipukuta n'kuiliza, ndipo nthawi zonse inkalira osavuta. Kulira kumeneko kunkawatonthoza, koma chinali chitonthozo choipa, chifukwa chinkatanthauza kuti wolakwa ndi amene ali m'manda.

"Bambo, chichoke chinthu chimenechi," akazi awo anatero m'mawa wina. "Ndatopa n'kuchimva."

Anabwera kudzaigula mayi wina wobwereketsa maboti kwa alendo, wamfupi, wochangamuka. A Siinama anamulizira injini, mayiyo anagwedeza mutu kukhutira.

"Ikanipo mpando, bambo, ndione ngati miyendo yangayi ikufika."

Anautsitsa pamsomali, anapukuta fumbi ndi mkono wa ovolosi, nautseka. Mayiyo anakwera n'kudina batani. Injini inalira bwino kwa mphindi zingapo. Kenako inayamba kutsokomola, inabanika, inazima. Anadinanso, koma inangokukuta osalira.

"Yatani kodi?" anafunsa mayiyo akutsika.

A Siinama anayandikira njingayo. Atatsegula mpando, munatuluka utsi ngati wa nkhuni zaziwisi. Vuto limeneli ankalidziwa bwino, anali atafotokozera anthu ambirimbiri. Paipi ya utsi ikamadontha m'kati, injini imapuma utsi wake womwe mpaka kubanika. Mpando ukakhala wochotsa, utsiwo umauluka ndi kamphepo, injini n'kumalira ngati yatsopano.

Anapisa dzanja pansi pa injini, pamene maso safika. Anapeza paipi ya raba, anapezanso kachitsulo koimangira. Bawuti yake inazungulira ndi zala zokha. Paipi imeneyo anaisintha okha sabata imodzi ngozi isanachitike, ndipo anakumbuka kuti tsikulo anaitanidwa ku foni ali pakati pa ntchito.

"Siikugulitsidwanso, mayi. Pepani pokuvutitsani."

Mayiyo anayang'ana nkhope yawo n'kuchoka osafunsa zambiri. A Siinama anakhala pandowa yovundikira kwa nthawi yaitali. Ankaona mwana wawo pakati pa mafunde akudina batani, kudinanso, akukhulupirira kuti chimene akonza bambo ake sichingamutaye. Analira monga sanalirire pamaliro paja.

Akanatha kumanga bawutiyo n'kukhala chete, palibe akanadziwa. M'malo mwake anapita kuseri kumene akazi awo ankayanika zovala.

"Mayi, mwana uja sanamwe. Paipi ya utsi sindinaimange. Ndinamupha ndine."

Akazi awo anamaliza kuyanika malaya amene anali m'manja.

"Ine sindinamukayikirepo mwana wanga," anatero osakweza mawu. "Si ine wofunika kuuzidwa. Kauzeni mkazi wake, ndi kamtsikana kaja kamene kakukula kakumva kuti bambo ake anali chidakwa."

A Siinama anasamba m'manja, anavala malaya aukhondo ndi nsapato zakutchalitchi. Atafika pageti anaima, nayang'ana kumanja ndi kumanzere kwa msewu. Anabwerera pang'onopang'ono mpaka pa chingwe cha zovala.

"Kodi amakhala kuti?"

"Zaka zisanu ndi chimodzi, bambo," anatero akazi awo. "Lero ndiye mwafunsa."