Mango ndi a a Mbewe, mtengo ndi wa Mulungu

Lolemba lapitali, mvula yoyamba ija itabwera ndi chimphepo masana, mtengo wa mango wa aneba anga, a Mbewe, unaganiza zodzatichezera. Unadumpha mpanda wa udzu n'kufikira kugonera chimbudzi chathu. Mwamwayi munalibe munthu. Ine ndinali nditangotulukamo kumene, lamba ndikumangira panjira.

Ndati chimbudzi chathu, koma ndisadzikuze. Nyumba yomwe ndimakhala pano pa boma la Chadiza ndi ya lendi. Eni ake ndi a Zulu, omwe anapuma ntchito n'kupita kukalima ku Mlolo, ndipo nkhope yawo timaiona mwezi ukatha basi.

Mtengo umenewu mbiri yake ndimaidziwa bwino. Chilowereni m'nyumbayi, bango lililonse logwera mbali yathu a Mbewe amalitsatira ndi dengu. Mkazi wanga, amake Tisa, anatolapo limodzi chaka chatha, lodyedwa kale ndi mleme mbali ina, koma tinamva kwa a Mbewe mbiri yonse ya mmene malemu bambo awo anaubzalira mtengowo ndi manja awo, n'kumauthirira ndi madzi a kudambo.

Choncho mvula itakata ndinapita kwawo mtima uli m'malo.

"A Mbewe, mtengo wanu uja wagwera chimbudzi."

Anausuzumira pampanda ngati akuuona koyamba. "Wanga? A Banda, kodi munandiona ine ndikuukankha? Mphepo ndi ya Mulungu. Komanso chinthu chikalowa pakhomo pa munthu, mwini khomo ndiye amachilandira. Kauzeni a Zulu."

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka ku Mlolo. A Zulu ndinawapeza m'munda akubzala nsawawa, ndipo sanaweramuke n'komwe.

"Aphwanga, ine ndinakubwerekani nyumba ndi chimbudzi. Mtengo sindinakubwerekeni. Mwini mtengo achotse mtengo wake, inu wogwiritsa ntchito chimbudzi mukonze chimbudzi. Ine ndili kuno, ndimalowamo?"

Ndinapsa mtima, sindikubisirani. Koma chomwe chinkandiwotcha kwenikweni si a Zulu. Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, anali atatumiza mawu kuti Loweruka akubwera kuchokera ku Zemba kudzaona mdzukulu.

Inu a kuno mukudziwa mwambo wake. Mkamwini sadya pamodzi ndi apongozi, sawayang'ana m'maso, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Tsono ndifunseni: akakumana nawo kutchire komweko, aliyense ali pa ulendo wake, apatukira kuti? Chimanga sichinamere n'komwe. Tchire lonse lakuseri kwathu linapsa ndi moto wa osaka mbewa. Munthu ukanjuta kumeneko amakuonera kumsika.

Amake Tisa anangoti, "Amayi akafika chimbudzi kulibe, ine ndibwerera nawo limodzi ku Zemba." Sankaseka.

Ndinaganiza zongobwereka nkhwangwa n'kulimbana nawo ndekha mtengowo. Ndisanatero, kunadutsa a Zuze, bambo wina amene anabwera kuno pothawa nkhondo ku Mozambique n'kukhazikika, katswiri wosema mitondo ndi mipando. Anazungulira thunthu lija, n'kuligogoda ndi chala.

"Bambo, muli mitondo yabwino umu. Ine ndichotsa zonse, ndi masamba omwe. Mwini wake ndimusiyira mtondo umodzi ndi kambuzi."

Ndinatsala pang'ono kuwapsompsona. Kulakwa kwa a Zuze n'kwakuti ali ndi mawu aakulu.

Kambuziko kasanamalize kutchulidwa, mutu wa a Mbewe unatulukira pampanda. "Ndani akugulitsa mtengo wa malemu bambo anga?"

Mmene uthenga unafikira ku Mlolo sindikudziwa, poti kulibe lamya, koma dzuwa lisanapendeke a Zulu anali atafika, thukuta lili kamukamu, matope a kumunda akadali m'miyendo. Munthu amene denga likadontha amamva pakatha miyezi! Anaima pamwamba pa thunthu n'kulengeza kuti chilichonse chogona pa poloti yawo ndi chawo.

"Mizu ili kwanga!" anatero a Mbewe.

"Idyani mizuyo. Thunthu lili kwanga!"

Anagwirizana chinthu chimodzi chokha: ine ndisakhudze ngakhale tsamba mpaka nkhaniyo itaweruzidwa. A Zuze ananyamula sompho wawo wosemera n'kumapita, akupukusa mutu.

Mwaona nzeru zathu? Dzulo lake mtengo sukanachoka chifukwa unalibe mwini. Tsopano sukanachoka chifukwa eni ake achuluka. Ine pakati, ndi njinga yanga, kupalasa m'mawa uliwonse kukasaka chulu chomwe sichinapse.

Musawaseke kwambiri akuluakulu awiriwa, chifukwa matendawa tili nawo tonse. Mjigo wa m'mudzi ukamatulutsa madzi ndi wa aliyense, ena mpaka kumwetserapo ng'ombe. Ukathyoka, umamva kuti ndi wa boma. Kamlatho ka mitengo komwe timawolokerapo ndi ngolo popita kukagulitsa thonje ndi kathu m'chilimwe, koma madzi akakakokolola timakhala tsidya lino n'kumafunsana kuti kodi eni ake abwera liti. Ngakhale mwana, akakhoza mayeso ndi wa atate ake, akapereka mimba ndi wa amalume. Akale anati walira mvula walira matope, koma ife tinaphunzira kulira mvula n'kutumiza matope kwa aneba.

Nanga mtengo unachoka bwanji? Pepani, unachotsedwa ndi maliro.

Lachinayi kunamwalira mkulu wina wokalamba kwambiri kuseri kwa msika, Mulungu awuse mzimu wake. M'mawa mwake amuna a m'dera lathu anatuluka ndi nkhwangwa kusaka nkhuni za pamaliro, ndipo anapeza mtengo wathunthu uli gone, wodzigwetsa kale. Sanafunse munthu. Ndani kuno angaimirire n'kunena kuti nkhuni izi musatengere maliro? Ukatero, tsiku lako anthu adzakuphikira ndi chiyani? A Mbewe ndi a Zulu anaima poteropo, manja kumbuyo, akuonerera kambuzi kawo kakuwazidwa zidutswazidutswa. A Mbewe mpaka ananyamulako chipika chimodzi kuti anthu awaone.

Nkhuni zaziwisi za mango siziyaka, zimangofuka. Utsi wa pamaliropo unaliza aliyense, koma amene misozi inkangoti mbwembwembwe anali awiri aja, atakhala benchi imodzi osayankhulana. Ndinamva mayi wina wa kubanjako akunong'oneza mnzake kuti sankadziwa kuti malemuwo anali ndi abwenzi owakonda chotero.

Chimbudzi ndinamanga ndekha, cha udzu, ndi chitseko cha thumba la feteleza. Ndinamaliza kumanga luzi lomaliza apongozi akutsika pa njinga ya kabaza pamsewu. Anakachiona, ndipo anauza mwana wawo, ine ndikumvera kuseri kwa nkhokwe monga mwa ulemu, kuti mkamwini wawo ndi munthu waukhondo. Amake Tisa sanapite ku Zemba.

Dzulo a Zulu abwera kudzayendera. Aona chimbudzi chatsopano, aona bwalo lowala bwino popanda mthunzi, ndipo ati nyumba yotere siingakhale pa lendi yakale. A Mbewe nawo atchingira chitsa cha mtengo uja ndi minga, ati chikaphukira, mphukirazo ndi za malemu bambo awo.

Tsono abale anga, pa mijigo yathu yothyoka ndi milatho yathu yokokoloka, tikudikira kuti afe ndani kuti titulutse nkhwangwa?